Mneni Wokakamiza wa M'Chingerezi: Phunziro la Pawailesi kwa Ana a M'chigwa cha Bwanje

Ndikupatsani moni nonse amene mwatchera khutu ku wailesi madzulo ano: ana a sukulu, aphunzitsi anzanga, ndi inu makolo amene mwakhala pamphasa chapatali pang'ono, mukuyesa kuti nkhani ya Chingerezi si yanu. Moni wanga ufike makamaka kwa inu a ku Sharpevale ndi a m'midzi yonse ya m'chigwa cha Bwanje, kuyambira ku Bilila, kudzera ku Kasinje, kufikira kumalire a Dedza ku Golomoti, pakuti zitsanzo za phunziro la lero ndazitola m'minda mwanu, pachipatala panu ndi m'mbali mwa njanje imene idutsa pakati panu. Ndipo ngati pali mwana amene watumidwa kukatsekera mbuzi m'khola, muitaneni msanga, abwere ndi kope ndi pensulo.

Liwu limene tisinkhesinkhe lero ndi laling'ono pamaso, la malembo anayi okha, M, U, S ndi T, ndipo eni ake alitchula kuti "must"; koma kuchepa kwake kusakunyengeni, pakuti ndilo liwu limene munthu anenera chinthu chosalekeka, chimene chiyenera kuchitika ndithu, munthu afune asafune. Mwana wa Sitandade 8 akumana nalo m'malangizo ndi m'mafunso a mayeso a MANEB. Wa Fomu 4 akumana nalo koposa, ndipo iyeyo adziwa bwino kuti setifiketi ya MSCE siiperekedwa kwa munthu amene wagwa Chingerezi, angakhale atakhoza bwino masamu ndi zaulimi. Komatu ine sindinabwere kudzakuopsani ndi mayeso. Ndadza kudzanena kuti liwu limeneli lili ndi mwini wake nthawi zonse, ndiko kuti pali wina wolamula ndi wina wolamulidwa. Ndipo mwana amene waloweza malamulo ake onse a galamala, koma osadziwa kuti liwuli lituluke m'kamwa mwa yani ndi kugwera m'khutu mwa yani, ameneyo phunziroli sanalitsirize.

Tiyambe ndi kaimidwe kake m'chiganizo, pakuti m'mera mpoyamba. "Must" ndi mneni wothandiza, wa banja limodzi ndi "can", "may", "will" ndi "should", ndipo onse a banja limeneli ali ndi makhalidwe osiyana ndi aneni ena. Mneni wamba amasintha potsata mwininkhani: timati "I walk", koma tikanena za munthu wina timati "he walks", kuika S kumapeto. "Must" sasintha, angakhale mwininkhani akhale mmodzi kapena khamu, mfumu kapena mwana. Timati "I must go", "she must go", "they must go". Mukaona mwana walemba "she musts go" kapena "she must goes", aphunzitsi anzanga, musafulumire kumukalipira, pakuti mwana ameneyo wasunga mokhulupirika lamulo la S limene munamuphunzitsa chaka chatha, ndipo chimene chamusowa ndi kuuzidwa kumene lamulolo lilekezera.

Cholakwa chimene chifala koposa zonse m'makope a ana athu ndi ichi: "I must to go". Gwero lake silili patali, lili m'chinenero chathu chomwe. Ife timati "ndiyenera kupita", "uyenera kulima", ndipo mneni wachiwiriyo amayamba ndi "ku". Mwana tsono, amene anaphunzira kale kuti "kupita" ndi "to go" ndipo "kulima" ndi "to dig", amanyamula "ku" wathu uja nakamuika m'Chingerezi monga "to", ndipo poona kuti "I want to go" alandiridwa bwino, sapeza chifukwa chokanira "I must to go". Lamulo lake ndi lalifupi: pambuyo pa "must" pamabwera tsinde la mneni lili lokha, lopanda "to" kumayambiriro, lopanda S, "ed" kapena "ing" kumapeto. Nenani nditatha ine, mokweza, kuti ndi a nyumba yoyandikana amve: "We must plant early."

(Kupuma pang'ono, omvera abwereze.)

"We must weed the garden."

(Kupuma pang'ono.)

Pofunsa funso ndi pokana, "must" safuna thandizo la "do". Sitinena "Do I must go?", koma timangotembenuza mawu awiriwo ndi kuti "Must I go?", ndipo pokana timaika "not" pambuyo pake, "must not", amene pomufupikitsa akhala "mustn't". Pano tcherani khutu kwambiri, popeza wailesi ikhoza kukupatsani chimene buku silingathe: mu "mustn't" muli ma T awiri, koma woyambayo timangomulemba, sitimutchula. Ndiponso lilime lathu linazolowera kutsiriza phatikizo lililonse ndi lembo la liwu, kotero kuti timakokedwa kunena "masiti". Yesetsani kuluma liwulo pa T pomwepo, osaonjeza kanthu. Mvetserani: "must". "Mustn't".

(Kupuma pang'ono.)

Tsopano mwana wochenjera afunsa: nanga ndikafuna kunena za dzulo? Funso limeneli ndi labwino, ndipo safunsa anadya phula. Yankho lake ndi lakuti "must" alibe nthawi yakale, ndipo liwu lakuti "musted" kulibe m'Chingerezi. Chifukwa chake chili m'mbiri ya chinenerocho. Zaka 1,000 zapitazo, makolo a Angerezi anali ndi mneni "mot", wonena za kuloledwa ndi kuyenera, ndipo nthawi yake yakale inali "moste". M'kupita kwa mibadwo "mot" anaiwalika, "moste" natenga malo ake nasanduka "must" wa lero. Chotero liwu limene tikuligwiritsa ntchito ngati la nthawi ino linabadwa lili kale la nthawi yakale, ndipo palibe pomwe tingalibwezerenso m'mbuyo kachiwiri. Eni chinenero anabwereka mawu ena kuti atseke mpatawo: pa zakale amati "had to", pa zam'tsogolo amati "will have to".

Njanje imene ana a ku Sharpevale muiwoloka popita kusukulu inafika ku Salima mu 1935. Isanadze, katundu wambiri wa dziko lino ankayenda pamitu ya amuna a mtengatenga, ndipo Chingerezi cha nkhani imeneyi ndi ichi: "Before 1935, men had to carry loads on their heads." Za msonkho wa nyumba umene makolo athu ankakhoma m'masiku a atsamunda tinena kuti "Our grandfathers had to pay hut tax." Za chaka chamawa tinena kuti "I will have to work hard in Form 4." Ndipo inu a sekondale, amene mufunsidwa kusandutsa mawu olankhula mwini kukhala ochita kusimbidwa, dziwani kuti njira yosakutayitsani malikisi, pamene "must" anali lamulo, ndiyo yomweyi: aphunzitsi akati "You must sweep the classroom", wosimba mawa lake anena kuti "The teacher said that we had to sweep the classroom."

Choletsa chakale chili ndi mawu akenso. Amayi anu akumbuka kuti mu 1973 boma linakhazikitsa lamulo la kavalidwe, loletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo lamulolo linachotsedwa mu 1993. Pa nthawi imene linali ndi mphamvu, munthu akadanena kuti "Women must not wear trousers." Ife osimba lero tinena kuti "Women were not allowed to wear trousers."

Apa tafika pamene ndikupemphani kuti mukhazike mtima pansi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano ndi pamene apunthwa ngakhale akulu amene anakhoza mayeso kalekale. "Must" ndi "have to", pamene akuvomereza, ayenda njira imodzi, kotero kuti "I must go" ndi "I have to go" asiyana pang'ono chabe. Koma akangolandira "not", asiyana kotheratu, wina kum'mawa wina kumadzulo. "Must not" aletsa: usachite, n'koletsedwa. "Do not have to" amasula: palibe chokukakamiza, chita ukafuna, leka ukafuna. Ana athu amasokoneza ziwirizi chifukwa zonse amazimasulira ndi liwu limodzi lakuti "suyenera", ndipo liwu limenelo m'makutu mwathu limamveka ngati choletsa.

Mu 1994, boma la Bakili Muluzi litalamula kuti maphunziro a pulayimale akhale aulere, ana olembetsa anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Fizi inachotsedwa, ndipo yunifomu inaleka kukhala yokakamiza. Chingerezi choona cha nkhani imeneyi ndi chakuti "Pupils do not have to wear uniform", ndiko kuti mwana wosauka asabwezedwe pakhomo pa sukulu chifukwa cha malaya, koma amene ali nayo yunifomu avale. Munthu akadalemba pa bolodi kuti "Pupils must not wear uniform", akadanena chinthu chimene boma silinanene konse, ndipo ana amene makolo awo anagulitsa nkhuku kuti awasokere yunifomu akadasanduka olakwira lamulo.

Koma nkhaniyi iposa za malaya, ndipo ndifuna kuti inu makolo muimve bwino. Taonani mlimi wa thonje wa m'chigwa muno, m'miyezi ya mvula, pamene thonje lachita maluwa ndipo mbozi zayamba kulowa. Wagula botolo la mankhwala, wabwereka sipuleya kwa mnansi wake, ndipo popeza timalemba ta pabotolo ndi tating'ono ndiponso ta Chingerezi, aitana mwana wake wa Fomu 2 kuti amuwerengere. Tiyese kuti mwanayo wapeza mawu akuti "You must not eat, drink or smoke while spraying." Akamasulira bwino, adzati: "Bambo, akuti musadye, musamwe, musasute pamene mukupopera, aletsa ndithu." Koma akayesa kuti "must not" ndi chimodzimodzi "do not have to", adzati: "Akuti kudya ndi kusuta si kofunikira, zili kwa inu", ndipo atate ake, dzuwa la m'chigwa litawatentha pamsana, adzakhala pansi pa mlambe, nadzapichira chingambwe ndi zala zonyowa ndi mankhwala, nachiika pakamwa. Botolo lomwelo likatha, mayi adzaliona kuti ndi lolimba, loyenera kusungiramo mchere kapena mafuta ophikira, ndipo chimene chidzaima pakati pa banjalo ndi ngozi ndi mwana wodziwa kuwerenga kuti "The empty bottle must not be used again." Onani kuti m'chiganizo chimenechi "must" watsatidwa ndi "be" ndi mneni wa mtundu wachitatu, "used", pakuti tikunena zochitikira botolo, osatchula wochita, momwemonso timati "Hands must be washed with soap."

Pachipatala mudzamva ziwiri zonsezi m'mpweya umodzi. Mankhwala a malungo amene tiwatcha LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo ena amaleka tsiku lachiwiri thupi likangozizira, nasungira otsalawo mwana wina. Dokotala anena kuti "You must finish all the tablets. You must not share them." Limenelo ndi lamulo ndi choletsa. Akaonjeza kuti "You do not have to come back if you feel well", wakumasulani: mukhoza kubwera, koma palibe wokukakamizani. Pali njira inanso yonenera kumasula kumeneku, yakuti "need not", kapena mofupikitsa "needn't", ndipo olemba mayeso amaikonda. Munthu akafunsa kuti "Must I come tomorrow?", povomera timati "Yes, you must"; pomumasula timati "No, you needn't". Mukayankha kuti "No, you mustn't", mwamuletsa kubwera, ngakhale inu mumafuna kungomupeputsira ulendo.

Ndinati poyamba paja liwuli lili ndi mwini wake, ndipo tsopano ndilongosole. Munthu akati "you must", kawirikawiri mphamvu ya lamulo ichokera mwa iye wolankhulayo, kapena m'lamulo lolembedwa limene iye aliimira: mayi kwa mwana wake, mphunzitsi kwa ophunzira, wapolisi wa pamsewu wa M5 kwa mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, pomuuza kuti "You must wear a helmet." Munthu akati "I have to", asonyeza kuti chomukakamiza chachokera kunja, m'makhalidwe a zinthu kapena m'lamulo la wina: mtsikana wofika mochedwa kusukulu anena kuti "I have to draw water every morning", ndipo sakudzilamula yekha, akungosimba za mtolo umene moyo wamusenzetsa. Malire amenewa si olimba ngati aja a "must not" ndi "do not have to", ndipo anthu a ku America polankhula amakonda "have to" pafupifupi paliponse. Koma m'zolemba za boma, m'zikwangwani ndi m'malamulo a sukulu, "must" ndiye alamulira, ndipo Chingerezi cha m'sukulu zathu chimatsata kwambiri cha ku Britain.

Anthu a boma la Ntcheu adziwa kulemera kwa liwu lotere koposa ambiri. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma la atsamunda linalimbitsa malamulo a malimidwe: mizere ipingase chitunda, milambala ikumbidwe, mapesi azulidwe lisanapite tsiku loikika; ndipo wolephera ankalipitsidwa chindapusa kapena kuponyedwa m'ndende. Mu 1953, pamene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinkakakamizidwa pa anthu amene anachikana poyera, Inkosi ya Makhosi Gomani II, Philip, inauza anthu ake kuti asamvere malamulo amenewo. Boma linaichotsa pampando, ndipo inamwalira chaka chotsatira, mu 1954. Chimene ndifuna kuti muone ndi ichi: ena a malamulo aja sanali opusa, pakuti ndife tomwe lero tikuunga mizere yopingasa popanda wotiimirira ndi chikoti, ndipo mlimi aliyense wa thonje adziwa kuti mitengo ya thonje yakale iyenera kuzulidwa ndi kutenthedwa kuti tizilombo tisagonere m'menemo kudikira mbewu ya chaka chamawa. Chinawawitsa mitima ya anthu ndi lamulo lodza lopanda chifukwa chake, lochokera m'kamwa mwa munthu amene iwo sanamupatse ufumu. Ndicho chifukwa chake ine, pophunzitsa "must", ndifuna kuti mwana aliyense azolowere kumuperekeza ndi "because". Asangolemba kuti "Farmers must uproot old cotton plants", koma apitirize kuti "because pests live in them." Potero aphunzira ziganizo zazitali, zimene zimuthandiza pa chimangirizo, ndipo koposa apo aphunzira kuti wolamula mnzake ali ndi mangawa a kufotokoza.

Pali chinthu china chimene mabuku olembedwa kunja sangathe kutichenjeza nacho, chifukwa olemba ake sadziwa m'mene ife tilankhulira. Chinenero chathu chinaika ulemu m'kati mwenimweni mwa mawu. Kwa mwana timati "khala apa". Kwa wamkulu timati "khalani apa", kapena mofatsa koposa "mukhale apa, agogo", kapenanso "akhale apa", ngati kuti tikunena za munthu wina, ndipo timanena titagwada kapena titanjuta, manja ali pamodzi. Chingerezi chili ndi "you" mmodzi yekha, wa mwana ndi wa Inkosi yomwe. Ulemu wake wonse tsono unasamukira m'kasankhidwe ka aneni othandiza amenewa. Mwana wa kwathu kuno, woleredwa bwino, amene sangayerekeze kupatsa amalume ake madzi ataimirira, akhoza kunena kwa mlendo wolemekezeka kuti "You must sit here", mumtima mwake akuyesa kuti wanena "mukhale apa", osadziwa kuti m'makutu mwa mlendoyo wamulamula monga alamulira kapitawo. Choyenera chinali "Please sit here", kapena "Would you like to sit here?"

M'makalata ndimo muli chisoni chachikulu. Mnyamata wotsiriza Fomu 4 alemba kalata yopempha ntchito kapena malo a sukulu, ndipo pofuna kuonetsa kukula kwa vuto lake, monga tinenera kuti "mundithandize ndithu, bwana", alemba kuti "You must help me." Wolandira kalatayo sawerenga misozi imene ili kuseri kwa mawuwo, aona mwana wamwano wolamula akulu, naiika kalatayo pambali. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ndipo kalata ndi mlomo umene utsala m'ofesi mwini wake atapita. Lembani kuti "I would be grateful if you could help me." "Must" ali ngati nkhwangwa: pogwetsa mtengo palibe chida choiposa, koma munthu wanzeru sasendera nayo mbatata. Pamene mufuna kulangiza chabe, osati kulamula, pali "should": kwa mnzanu wodwala mutu munena kuti "You should rest", ndipo mwamusiyira ufulu wake. Kwa inu mwini mukhoza kunena "I must" nthawi iliyonse, pakuti palibe mwano podzilamula wekha. Ndipo pali malo amodzi pamene eni chinenero anena "you must" kwa wamkulu mwachikondi, ndipo ndi poitanira zabwino: "You must come and eat with us" ndi mawu a munthu woumiriza mlendo kuti asapite ndi njala, monga achitira amayi athu.

Mwina wina wa inu anena kuti: koma achimwene anga a ku Joni amati "Must I close the door?" ndipo palibe amene akhumudwa. Anena zoona. Kuyambira masiku a Wenela, amene anatenga amuna ambiri a dziko lino kupita nawo kumigodi kufikira Dr Kamuzu Banda atauimitsa ulendowo mu 1974, mpaka anyamata a lero ogwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Cape Town, abale athu akhala akubwera ndi Chingerezi cha ku South Africa, ndipo kumeneko "must" anapepuka, chifukwa cha kukhalira pamodzi ndi liwu la Chiafrikaans lakuti "moet", kotero kuti "Must I close the door?" angotanthauza kuti "kodi nditseke chitseko?" Kumeneko n'kolondola, ndipo musawaseke. Koma pamaso pa wolemba mayeso kuno, ndi pamaso pa Mngerezi, funso limenelo limveka ngati la munthu wonyinyirika, wofunsa ngati akukakamizidwadi; koma wodzipereka mwaulemu anena kuti "Shall I close the door?"

Yatsala ntchito imodzi ya liwuli, yosalamula munthu aliyense, ndipo pa imeneyi Chichewa chathu chitithandiza m'malo motisokoneza. Inu a m'chigwa mudziwa kuti tsiku lina kuno kukhoza kukhala kuli ng'aa, dontho la mvula osagwa, koma madzulo mtsinje wa Bwanje n'kufika utadzaza, madzi ali ofiira, atanyamula zinyalala ndi mapesi. Wamkulu akaona zimenezi amati: "Iyenera kuti yagwa kumapiri." Sakulamula mvula; akunena chimene nzeru zake zamutsimikizira poona zizindikiro, ngakhale maso ake sanaone mvulayo ikugwa ku mapiri a Kirk Range. Mngerezi anena chimodzimodzi ndi mneni yemweyu: "It must have rained in the hills." Pa za tsopano timati "must be": mlendo akafika wapansi kuchokera ku Kasinje dzuwa lili pamutu, timati "You must be tired", ndiko kuti "muyenera kuti mwatopa", ndipo amenewa ndi mawu aulemu, oyenera ngakhale kwa mfumu. Pa zakale timati "must have" ndi mneni wa mtundu wachitatu: "He must have missed the bus."

Chenjerani pawiri apa. "He must have gone" si nthawi yakale ya lamulo ayi. Atanthauza kuti "ayenera kuti anapita", pamene "anakakamizidwa kupita" ndi "He had to go". Ndiponso pokana chitsimikizo chotere, Chingerezi cha m'sukulu zathu sichigwiritsa "mustn't", koma "can't": mukaona njinga ya aphunzitsi palibe pakhonde, munena kuti "He can't be at home", ndiko kuti sizingatheke kuti alipo.

Kwa inu aphunzitsi anzanga, amene muimirira pamaso pa ana ochuluka koposa mabuku amene muli nawo, ena a inu pansi pa mtengo, pempho langa ndi lakuti mabuku a sukulu ochokera ku Domasi muwatsate, koma musalekere pomwepo. Ana athu ambiri amayamba kuphunzira pafupifupi maphunziro onse m'Chingerezi akafika Sitandade 5, ndipo pa msinkhu umenewo adziwa kale malamulo ochuluka a pamudzi, a kutchalitchi ndi kumzikiti, a kudambwe ndi a pamaliro, a pamsika ndi a pa njanje. Afunseni malamulo amenewo m'Chichewa poyamba. Kenaka pa lililonse afunseni mafunso awiri, kuti walamula ndani, ndi kuti ili ndi lamulo, choletsa, chimasulo kapena langizo chabe. Ndipo akayankha bwino, Chingerezi chake chidzabwera mosavuta, pakuti adzakhala atasankha kale m'mutu mwawo pakati pa "must", "must not", "do not have to" ndi "should".

Tsopano tsegulani makope, mulembe ziganizo zisanu izi, zimene mudzazitembenuzire m'Chingerezi ndi kukaonetsa aphunzitsi anu mawa. Ndizinena pang'onopang'ono, chilichonse kawiri.

Choyamba: Ana asasewere pa njanje, chifukwa sitima siingaime msanga.

Chachiwiri: Dzulo tinakakamizidwa kuyenda wapansi kupita ku Bilila.

Chachitatu: Loweruka palibe chotikakamiza kupita kusukulu.

Chachinayi: Agogo ayenera kuti agona, chifukwa nyale yazima.

Chachisanu sindikuuzani kuti ndi cha mtundu wanji, mulingalire nokha. Mfumu ya mudzi wanu yafika pasukulu, ndipo inu mwatumidwa kukaipempha kuti ilowe mu ofesi ya ahedi. Lembani mawu amene mudzanene.

Mayankho ake tidzawamva sabata yamawa nthawi yonga yomweyi, tisanayambe phunziro la "can" ndi "may".